Ambulansi ya Pachithunzi Chanu Muifufuze Kudzera mwa Anthu Ake

Bambo wina wandilembera pa imelo kuti ali ndi chithunzi chakale cha ambulansi ya pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ndipo akufuna kudziwa mtundu wa galimotoyo ndi gulu limene linkaigwiritsa ntchito. Bambo, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa nkhani imeneyi inandisowetsapo tulo nanenso.

Chidwi changa chinayambira m'nyumba ina yosungiramo zinthu zakale, kumene ndinaona ambulansi yopentedwa bwino, mtanda wofiira uli mbee pachinsalu cha m'mbali. Chikwangwani chake chinkafotokoza za injini, matayala ndi kampani imene inaipanga, koma sichinatchule ngakhale munthu mmodzi amene anaiyendetsa kapena kunyamulidwamo. Zinandipweteka, ndipo n'zimene zinandikankhira ku mabuku amene magulu a asilikali ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Masamba ambiri analembedwa ndi pensulo, m'madanga a malo, tsiku ndi ola. Mlembi amawerenga ovulala pawiri, ogona pamachira ndi otha kukhala tsonga, kenaka n'kudandaula za matope, za masipuling'i othyoka ndi za kuyenda usiku nyale zili zozima poopa mizinga.

Kuchokera pamenepo ndimanena mosapita m'mbali kuti kuyamba ndi mtundu wa galimoto n'kutaya nthawi. Pamene asilikali a Britain ankawolokera ku France mu Ogasiti 1914, ankadalira ngolo zokokedwa ndi akavalo, ndipo mavuto a ovulala pothawa ku Mons, m'dziko la Belgium, ndi amene anachititsa nyuzipepala ya The Times kupempha ndalama zothandizira British Red Cross ndi Order of St John. Anthu olemera anapereka magalimoto awoawo, amisiri n'kuchotsa mipando ya kumbuyo ndi kukhomapo bokosi la matabwa ndi chinsalu, motero m'gulu limodzi munkapezeka mitundu yosakanikirana. Ngakhale Ford Model T, imene inatchuka ndi American Field Service, gulu la anthu odzipereka a ku America lotsogozedwa ndi A. Piatt Andrew, kuyambira mu 1915 chifukwa chokwera mapiri a Vosges ku France itanyamula anthu atatu ogona, inkagwiritsidwanso ntchito ndi magulu ena ambiri. Kudziwa kuti ndi Ford sikungakufikitseni patali.

Chimene chimasiyanitsa magulu amenewa ndi anthu ake. A Friends' Ambulance Unit, gulu limene linayambitsidwa ndi Akhristu a Quaker mu 1914, anakana kugwira mfuti koma sanakane kulowa m'dera la Ypres pamene mizinga inkagwa. Amayi a First Aid Nursing Yeomanry anayamba kuyendetsera asilikali a Britain maambulansi ku Calais mu Januwale 1916, akuluakulu atawakayikira kwa nthawi yaitali. Elsie Knocker ndi Mairi Chisholm, ataona kuti ovulala ambiri akufera m'galimoto chifukwa cha kuzizira ndi kugwedezeka kwa panjira, anakatsegula malo opereka chithandizo choyamba ku Pervyse, m'dziko la Belgium, pafupi kwambiri ndi maenje omenyera nkhondo. Ofufuza amene amangowerenga mabawuti a galimoto n'kusiya nkhani zoterezi, ine ndimawaona kuti akulakwira akufa.

Kwathu kuno kulakwirako n'kwakukulu koposa. Nkhondo yomweyo inamenyedwa ku Karonga mu Seputembala 1914, ndipo asilikali a Jenerale Northey wa ku Britain atalowa mu 1916 m'dziko la kumpoto kwathu limene linkalamulidwa ndi Ajeremani (lero ndi Tanzania), misewu ya galimoto inali yochepa kwambiri. Ovulala ndi odwala ankanyamulidwa pamachira ndi amtengatenga, makolo athu, amene ambiri anafera panjira ndi njala ndi matenda, ndipo mayina awo sapezekapezeka m'mabuku.

Poyambira

Tengani galasi lokulitsira zinthu, muwerenge zilembo ndi manambala a pagalimotopo. Zilembo za SSU zimaloza magulu a ku America amene ankatumikira asilikali a France, pamene SSA ndi a ku Britain amene ankagwira ntchito yomweyo. Muonenso mabaji a pazipewa, popeza madalaivala a boma la Britain anali a Army Service Corps, ndipo osamalira ovulala anali a Royal Army Medical Corps. Mukapeza kuti ndi gulu la asilikali a Britain, funani mabuku ake m'ndandanda ya WO 95 ku The National Archives, nyumba yosungira zikalata za boma la Britain, ku Kew mumzinda wa London. Makadi a anthu odzipereka a British Red Cross ndi a Friends' Ambulance Unit ali pa intaneti. Munditumizirenso chithunzi cha kuseri kwake, chifukwa nthawi zambiri kumakhala dzina la malo kapena chidindo cha wojambula.