Ntchito ya uloya wa boma ndi mthunzi wa Orton Chirwa

Mtsikana wina amene wangomaliza maphunziro a zamalamulo ku Zomba wandilembera imelo. Wapeza ntchito ku Unduna wa Zachilungamo, koma akuopa kuti andale adzamusandutsa chikwapu chawo. Apite kapena ayi?

Chemwali, funso lanu landisowetsa tulo. Mu Okutobala 1992 ndinali ku sekondale. Usiku wina bambo anga anatseka zenera, n'kutsitsa wailesi, kenako monong'ona anati, "Orton wafera m'ndende ku Zomba." Amayi anapitiriza kuomola nsima, koma palibe amene anaidya bwino. Ine sindinkamudziwa n'komwe munthuyo, chifukwa kusukulu dzina lake linali losatchulidwa.

Ndinadzamva nditakula kuti anaphunzira uloya ku London, nabwerera kwawo mu 1958. Ndiye anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 pamene Kamuzu anali m'ndende ku Gweru ku Zimbabwe, ndipo Kamuzu atatuluka mu 1960 Orton anamupatsa mpando wotsogolera chipanicho. Orton anakhala nduna ya zachilungamo komanso Attorney General, loya wamkulu wa boma. Mu 1964 nduna zitasemphana maganizo ndi Kamuzu, anachotsedwa n'kuthawira ku Tanzania.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi: atagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera, yemwenso anali loya, mu Disembala 1981, anawazenga mlandu woukira boma m'khoti la mafumu, losalola loya. Maloya awiri, kuimirira okha! Mu 1983 anawagamula kuti aphedwe, chilangocho n'kudzasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Vera anatuluka mu Januwale 1993, mwamuna wake atagona kale m'manda.

Anthu ena amati, "Mwaonatu, boma si loligwirira ntchito." Ine ndimakana zimenezo ndi mtima wonse. Orton sanaphedwe ndi ntchito ya uloya. Anaphedwa ndi dziko limene linasowa maloya okwanira otha kuuza mtsogoleri kuti apa lamulo silikulola. Anthu owongoka onse akathawa undunawo, ndani adzaima pamlandu wa wakuba mankhwala a m'chipatala? Agogo a kumudzi amene anafera pamzere wodikira mankhwala alibe loya wina koma wa boma.

Nanga mupite?

Pitani, chemwali. Malangizo alionse opereka kwa akuluakulu muziwalemba papepala, musaine, musunge kope lanu. Wina akakuuzani pafoni kuti mlandu wakutiwakuti muusiye, mupempheni mwaulemu kuti alembe kalata.