Werengani maola amene agona, osati mabotolo okha

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa ku Machinjiri, amene anapempha kuti dzina ndisatchule. Akuti amuna awo anawapeza ndi matenda a bipolar ku Gulupu zaka zitatu zapitazo. Akamamwa mankhwala amakhala bwinobwino, koma akangoona kuti apepukidwa amawasiya, n'kuyamba mowa. Mwezi watha anatha masiku anayi osagona, anagulitsa firiji ati ayambe bizinesi ya nkhuku, ndalama n'kuthera ku bala. Pano angodzitsekera kuchipinda, sakusamba, sakuyankhula. Funso lawo n'lakuti: "Kodi ndi matenda kapena uchidakwa chabe? Ndiyambe ndi chiti?"

Mayi, pepani kwambiri. Ndi zonse ziwiri, ndipo zimakolezerana moto. Bipolar imakweza munthu n'kumutsitsa mopyola muyeso. Akakwera, zimene madokotala amati mania, tulo timabalalika, pakamwa sipatsekeka, amaona ngati palibe chomukanika. Akatsika, ngakhale kudzuka pabedi imakhala ntchito. Mowa umalowerera konsekonse: pokwera amamwa chifukwa mabuleki aduka, potsika amamwa kuti aiwale kapena apeze tulo. Koma tulo ta mowa n'todukizaduka, ndipo kusagona ndi kumene kumadzutsa mania.

Ine si dokotala, koma achimwene anga ali ndi matenda omwewa. Kwathu tinataya zaka tikuwerenga mabotolo. Mayi athu ankachita kuwanunkhiza malaya pakhomo, kenako mkangano mpaka anansi kutuluka panja. Chinatitsegula maso ndi kakope ka ana asukulu komwe alamu anga anayamba kulembamo nthawi yogona ndi yodzuka ya amuna awo. Tinaona kuti mowa sunkayambirira. Choyamba ankadzuka 3 koloko usiku n'kuyamba kukolopa m'nyumba, wailesi ili pamwamba, alibe ngakhale kutopa. Zikachitika kawiri katatu, botolo limatsatira. Lero tikangoona zimenezo timathamangira kuchipatala, osadikira tsiku lolembedwa m'buku.

Mukapita ndi amuna anu ku Gulupu, nkhani ya mowayo musaibise. Ambiri amachita manyazi n'kumati "amangolawa". Nenani mmene zilili: kachasu kapena Chibuku, kangati pa sabata, wochuluka bwanji. Dokotala amasankha mankhwala poona zimenezo. Carbamazepine ndi sodium valproate amagwiritsa ntchito chiwindi, chomwe mowa ukuchipweteka kale. Lithium amafika poopsa m'magazi munthu akatha madzi m'thupi, monga posanza matsire. Dokotala akanena kuti abambo akagonekedwe ku Zomba Mental Hospital, musazione ngati mwawataya. A St John of God, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, nawo amathandiza ofuna kusiya mowa.

Chenjezo ili mulisunge: ngati abambo akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, musawatsekere m'nyumba kuti asiye lero lomwe. Thupi lozolowera mowa likaumanidwa mwadzidzidzi limanjenjemera, munthu amatha kukomoka ngati wakhunyu kapena kuona zinthu zomwe palibe, makamaka m'masiku atatu oyamba, ndipo zimapha. Kusiya kotero kumafuna achipatala.

Nkhani ya firiji musaiyambitse pano, ndiponso musakambe chilichonse ataledzera. Dikirani apeze bwino, muitane ankhoswe a mbali zonse, mugwirizane abambowo ali pomwepo: tulo tikayamba kusowa, khadi la kubanki asunge ndani? Za pa Mpamba ndi Airtel Money zisamutsidwire kuti? Awaperekeze kuchipatala ndani? Munthu amene wavomera yekha mutu uli m'malo savuta kumukumbutsa. Achibale ena adzati analodzedwa, ena adzabwera ndi mneneri wonena kuti atataye mapiritsi asonyeza chikhulupiriro. Kupemphera pempherani, ine ndimapemphera, koma mapiritsi asatayidwe.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi chitseko chotsekacho. Nthawi yotsika, mowa uli m'mutu, ndi imene anthu a matendawa amaganiza zodzipha. Afunseni mosapita m'mbali, modekha: "Bambo, kodi mukuganiza zochotsa moyo wanu?" Kufunsa sikumupatsa munthu maganizowo. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe ndi a m'munda, mapiritsi awo musunge inu n'kumawapatsa a tsiku limenelo. Akati inde, musawasiye okha, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Simunanene ngati amakumenyani. Ngati zimachitika, matenda si chilolezo, ndipo mawu akuti "banja n'kupirira" asakumangeni miyendo. Tengani ana mukagone kwa achemwali anu, m'mawa mupite ku Victim Support Unit ya polisi. Za chipatala mutha kuwathandizabe muli komweko. Mundilemberenso mukabwera ku Gulupu, mundiuze maola amene agona sabata ino.