Kamtsuko ka Hoi An kameneko musalipire kaye

Achemwali, dikirani kaye, ndalamazo musatumize. Nditangoona chithunzi chimene mwaika pano cha kamtsuko mukufuna kugulako, ka maluwa a buluu, kokhala ndi zigoba za m'nyanja zitaunjikana pakhosipo, mtima wanga wangoti myuu. Zimene wogulitsa wakuuzani, zoti kanavuulidwa m'chombo chomira cha ku Hoi An ku Vietnam, ndi mawu omwewo amene anandiuza bambo wina pa msika wa zinthu zakale kuno ku England, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira thupi lonse limanditentha.

Chombocho chilipodi. Chinamira m'zaka za m'ma 1400 kufupi ndi zilumba za Cu Lao Cham, mamita pafupifupi 70 pansi pa nyanja, chitadzaza ndi zoumba za ku Chu Dau, kumpoto kwa Vietnam. Asodzi ndiwo anayamba kuzikola m'maukonde kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kenaka gulu lotsogozedwa ndi Mensun Bound, katswiri wa zakale za pansi pa nyanja wa ku Oxford, linavuula zamtunthu pafupifupi 250,000 pofika 1999. Zambiri zinagulitsidwa mu 2000 ku okushoni ya Butterfields ku San Francisco ndi pa eBay, zili ndi sitika zake. Bambo wa pa msika uja mbiri yonseyi ankailakatula pamtima, mayina ndi zaka zomwe, osaphonya. Ndiye khasu lake lobera anthu limenelo.

Ndinamugula kamtsuko, n'kumupatsa malipiro a sabata yathunthu ya mashifiti a usiku. Kamtsuko kokwana m'dzanja, kunsi kopakidwa mtundu wa chokoleti monga zimakhalira zambiri za ku Chu Dau, sitika ili pomwepo. Patapita nthawi ndinaona kaufa koyera kakutuluka mphepete mwa khosi. Aliyense wosunga zoumba za m'nyanja amadziwa kuti mchere ukatsalira m'dongo umauma n'kuyamba kusendula glaze, utoto wonyezimira ngati galasi wokuta choumbacho, ndiye ndinamatula sitika ija bwinobwino, n'kukaika kamtsuko m'beseni la madzi a distilled, opanda mchere uliwonse, ofunda pang'ono, kukhitchini.

Pobwera ku ntchito m'mawa ndinapeza madzi aja atayera mbuu. Zigoba zonse zinali pansi pa beseni, chilichonse chili ndi guluu wotamuka kumsana kwake. Ndinalowetsa manja onse awiri kuti ndikanyamule, khosi lonse linangotsalira m'zala zanga, lofewa ngati nsima ya dzulo yonyowa. Inali pulasitala. Kaufa koyera kaja sikanali mchere ayi, inali pulasitala yomweyo ikufumbuka. Nditayang'ana chala changa chachikulu, chinali cha buluu. Achemwali, buluu weniweni, wochokera ku mtapo wa cobalt, amakhala pansi pa glaze, anapsera limodzi mu ng'anjo, nyanja inalephera kumuchotsa zaka 500. Zimene madzi a mchere anafufuta pa zoumba za chombo chimenechi ndi mitundu yopaka pamwamba, yofiira, yobiriwira ndi yagolide, mpaka pamangotsala kachithunzithunzi koti mumakaona mukapendeketsa mbale pa kuwala. Wanga buluu anasuluka usiku umodzi m'beseni. Chimene chinatsala ndi kaphale ka kunsi, ndipo pamzere pothyokera pankaoneka pomwe munthu anapala ndi sandipepa kuti pulasitala igwire. Ndinaima pasinki paja yunifomu ili m'thupi, manja akunjenjemera, mayi a kunyumba akundifunsa chachitika n'chiyani, ine mawu osatuluka.

Nditamuimbira foni wogulitsa uja, munthu wamkulu wa imvi zake, anandiyankha mofatsa kuti ndawononga ndekha chinthu cha mbiri, ndani anandituma kukaviika m'madzi. Mwamva? Wakuba akukalipira wobedwa! Lisiti limene anandilembera linangoti mtsuko wa ku Vietnam, lopanda chaka, lopanda dzina la chombo, ndipo anandikumbutsa yekha zimenezo, kusonyeza kuti polemba paja ankadziwa chimene akuchita. Munthu amene amakhala pansi n'kumamata zigoba chimodzichimodzi ndi guluu, n'kumatula sitika pa kambale kotchipa kuti akaiike pa chinthu choumba yekha, ameneyo si wogulitsa wosadziwa. Ndi mbava, ndipo tebulo lake akuyalabe.

Ndiye inuyo, popanda sitika musagule. Inde kanga kanali nayo, komabe chopanda sitika n'choopsa kuposa pamenepo, chifukwa asodzi anatola zambiri boma lisanalowererepo ndipo zimenezo palibe pepala lozilondolera. Funsani nambala ya loti, imene kanapatsidwa pogulitsidwa, ndi mapepala a okushoni. Zigoba zochuluka zisakukopeni, zambiri zodutsa ku okushoni zinali zotsukidwa kale, ndipo zigoba zounjikana pakhosi pokha nthawi zambiri zikubisa chilema. Gulani katochi ka UV, kaja kounikira ndalama zachinyengo, muunike mumdima, guluu ndi penti yatsopano zimawala mosiyana ndi glaze yakale. Gogodani pang'ono ndi chikhadabo mozungulira, pamene pali pulasitala pamalira mosiyana. Pa lisiti alembe Hoi An, zaka za m'ma 1400, komanso ngati panakonzedwapo, asaine. Akayamba kuzemba, msiyeni.

Mumufunsenso za zombo zina mumve mmene ayankhire. Katundu wa m'chombo cha Vung Tau amene okushoni ya Christie's inagulitsa ku Amsterdam mu 1992, ndi wa m'chombo cha Ca Mau amene okushoni ya Sotheby's inagulitsa ku Amsterdam komweko mu 2007, anamira m'madzi a ku Vietnam koma anaumbidwa ku China. Wogulitsa wosakaniza zimenezi sakudziwa katundu wake, kapena akudalira kuti inu simukudziwa.

Mukagula musathamangire kukaviika m'madzi, kaonetseni kaye kwa wokonza zoumba zakale, chifukwa ngakhale chenicheni chimatha kukhala ndi pomatidwa mwachilungamo, madzi n'kupamasula. Ndipo ngati mtengo wake ndi wochepa woti simungaulirire, tengani ndithu, timitsuko ndi timabokosi ting'onoting'ono tinatuluka tambirimbiri m'chombo chija, tenitenito tilipo ndipo n'tokongola zedi. Koma poyamba muuzeni ajambule kunsi kwake ndi mkati mwa khosi, pafupi, pa dzuwa, muike zithunzizo pano tione tonse.