Mwana sanasankhidwe ku Chirunga, kodi ntchito ya m'boma yamudutsa?

"Ndine mayi wa ku Chinamwali, ndimagulitsa tomato mumsika waukulu wa Zomba. Mwana wanga wamkazi anapeza mapointi 19 pa Fomu 4 koma dzina lake silinatuluke ku yunivesite. Bambo ake akuti tigulitse mbuzi akalowe koleji iliyonse yomwe si yaboma, bola adzakhale ndi digiri, alembedwe ntchito m'boma. Titani?"

Mayi, mbuzizo zisiyeni kaye zidye msipu.

Ife a ku Zomba tili ndi nthenda yathu. Kuyambira 1973 pomwe Chancellor College inasamukira ku Chirunga, takula tikuona ana a eni atavala mikanjo pa Great Hall, ndiye timayesa kuti sukulu ndi yokhayo. Koma malo m'mayunivesite aboma ndi ochepa poyerekeza ndi ana omwe amakhoza MSCE chaka ndi chaka. Ngakhale mu 2021 University of Malawi inagawidwa n'kubala MUBAS ndi KUHeS, kuwonjezera pa Mzuni, LUANAR ndi MUST, khomo likadali lopanikiza. Mapointi 19 si manyazi. Kawirikawiri chomwe chimagwetsa ana otere ndi kasankhidwe. Pa fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, amangolemba zamalamulo ndi zaudokotala, komwe amakalimbana ndi anzawo a mapointi 6 kapena 8. Mufunseni mtsikanayo zomwe analemba, ndipo muonenso magiredi ake a Chingerezi, Masamu ndi sayansi, pakuti maphunziro aliwonse ali ndi zofuna zake pambali pa mapointi.

Tsono pa ganizo la bambo akewo. Boma sililemba munthu chifukwa choti ali ndi digiri basi. Limalemba pomwe pali mpando wopanda munthu komanso ndalama zomulipirira, ndipo ntchitoyo imalengezedwa kudzera m'makomishoni: Civil Service Commission, Teaching Service Commission ya aphunzitsi, Health Service Commission ya azaumoyo, ndi ina ya m'makhonsolo. Wa digiri amayambira pa Grade I, wa dipuloma pa Grade K. Kusiyana kulipo ndithu, koma ndimakumana ndi anyamata a madigiri omwe atha zaka akuyenda ndi envelopu yakhaki, pamene mnzawo wa dipuloma ya unamwino anayamba kale kutumiza kangachepe kumudzi. Nayenso namwino masiku ano amatha kudikira asanalembedwe, sindikunamizani, koma luso lake limagulika m'zipatala za mishoni ndi m'mabungwe, osati ku boma kokha.

Choncho yambirani ku ntchito, kenako mubwerere ku sukulu. Mwanayo akufuna kudzadzuka m'mawa kupita kuti? Ngati ndi m'kalasi, Domasi College of Education ili pakhomo pompa, ndipo imasula aphunzitsi a ku sekondale. Ngati ndi kuchipatala, Malawi College of Health Sciences ili ndi nthambi muno mu Zomba, komanso ku Malosa kuli koleji ya unamwino ya St Luke's. Ngati manja ake ndi aluso, ku Nasawa Technical College amaphunzitsa ntchito zamanja pansi pa TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo atsikana amalimbikitsidwa kufunsira. Ena mwa masukuluwa amalengeza malo paokha, nthawi zosiyana ndi za NCHE, ndiye kutchera khutu ku wailesi ndi kuona nyuzipepala n'kofunika. Wa dipuloma akhoza kudzakwera pambuyo pake kukatenga digiri ali kale pa ntchito. Aphunzitsi ambiri a m'sekondale zathu anadzera njira imeneyi.

Koleji zomwe si zaboma sindikuzinyoza ayi, zina n'zabwino zedi. Koma safunsa anadya phula. Musanapereke ngakhale tambala, fufuzani pa mndandanda wa NCHE ngati kolejiyo ndi yovomerezeka, ndiponso ngati maphunziro enieniwo omwe mwana akukachita ndi ovomerezeka. Apa ndi pomwe makolo ambiri amapunthwa: sukulu imakhala ndi chilolezo, koma kosi inayo ayi. Za unamwino funsaninso ku Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa popanda kulembetsedwa kumeneko sangagwire wodwala. Ndinalandirapo bambo wina muofesi atanyamula pepala lokongola la mwana wake, la zidindo zagolide, atagulitsa munda kuti alipire zaka zinayi. Pa intaviyu analibweza.

Za fizi, bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB limathandiza osowa, koma ndi ngongole, adzabweza akamaliza, ndipo si onse ofunsira amene amapatsidwa.

Kubwereza Fomu 4 ndingakuvomereni pokhapokha ngati pali phunziro limodzi kapena awiri omwe akumutsekera njira yomwe waisankha, monga Biology kwa wofuna unamwino.

Chinanso, Mayi. Akadzabwera munthu kumsikako n'kunena kuti ali ndi m'bale wake ku Capital Hill, mungomupatsa ya fanta kuti dzina la mwana lilowe, musatulutse chikwama. Kufunsira ntchito ya m'boma salipiritsa. Sabata ino khalani pansi atatu ndi bambo ake, mwanayo abweretse chikalata cha zotsatira zake cha ku MANEB, ndipo ayambe kulankhula ndi iyeyo.