Dolly Parton sanabadwire m'chuma ayi

Achimwene, mwafunsa ngati Dolly Parton, woimba nyimbo za country wa ku America uja, anachokera kubanja lolemera, poona mawigi ndi zovala zake zonyezimira zija. Ayi ndithu. Mayiyu anabadwa mu 1946 m'kanyumba ka chipinda chimodzi kumapiri a Sevier County, ku Tennessee, ndipo ndi wachinayi pa ana 12. Bambo ake ankalima fodya, poyamba m'munda wa eni ngati matenanti athuwa, kulemba ndi kuwerenga osadziwa. Dokotala amene anachiritsa mayi ake tsiku lobadwa iye anamulipira thumba la ufa wa chimanga. Ndalama kunalibe.

Kuimba anayambira kutchalitchi, poti agogo ake aamuna anali abusa a mpingo wa Pentekosite. Malume ake, a Bill Owens, ndiwo anamugwira dzanja: ankayenda naye uku ndi uku kokaimba. Ali ndi zaka 10 anali akumveka kale pa wailesi ku Knoxville, pofika zaka 13 n'kuimba ku Grand Ole Opry, chionetsero chotchuka cha nyimbo za country ku Nashville, womuitanira pasiteji ali woimba wotchuka Johnny Cash. Atamaliza sekondale mu 1964, m'mawa mwake anakwera basi ya ku Nashville.

Kumeneko anayamba kudziwika ngati wopeka nyimbo, ena n'kumaimba. Chomutchukitsa chinabwera mu 1967 pomwe woimba wina, Porter Wagoner, anamutenga pa pulogalamu yake ya pa TV. Sizinayambe bwino. Anthu ankakonda woimba Norma Jean, amene iye analowa m'malo mwake, moti ankakuwa dzina la mnzakeyo Dolly ali pasiteji. Anapirira zaka 7, mpaka nyimbo yake ya "Jolene" inamuimika payekha.

Koma chimene ine ndimamugomera si mawu okha, ndi mutu. Pochoka kwa Wagoner mu 1974 anatulutsa "I Will Always Love You", nyimbo yomutsanzika bwana wakeyo (ambiri timaiyesa yachibwenzi, pomwe ndi yosiyirana ntchito). Elvis Presley anaifuna, koma manijala wake, Colonel Tom Parker, anati apatsidwe theka la umwini wa nyimboyo. Tangoganizani, mwana wokulira mu umphawi ngati umenewo, Elvis ali pakhomo! Dolly anakana, ngakhale amanena yekha kuti analira usiku wonse. Mu 1992 Whitney Houston anaiimba mufilimu, inagulidwa dziko lonse, ndipo gawo la wopeka linapita kwa Dolly losagawana ndi Parker.