Ndaona ngaka ikugulitsidwa pa Facebook, ndichite chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene ali chaka chachiwiri ku koleji. Ndifupikitse mawu ake. M'gulu lina la pa Facebook logulitsirana zinthu anaona chithunzi cha ngaka yamoyo itadzipinda m'saka, pansi pake palembedwa kuti wofuna alowe ku inbox. Tulo sanatione usiku umenewo. Iye ndi anzake atatu agwirizana zodzipanga ngati ogula, amunyengerere mwini malondayo mpaka atchule kumene akukhala, kenako amuyalutse pa intaneti, dzina ndi nkhope yomwe. Akufunsa ngati nzeru imeneyi ili bwino, ndipo ngati siili bwino, wachinyamata amene alibe china koma foni angathandize bwanji.

Achemwali, zikomo kuti simunangodutsa chithunzicho ngati momwe ambiri achitira. Koma zodzipanga ogulazo musachite, ndipo zomuyalutsazo musayerekeze. Ndifotokoza chifukwa chake, kenako ndikuuzeni ntchito imene ikukuyenerani, chifukwa ilipo ndithu.

Tiyambe ndi kanyama kali m'sakamo. Ngaka ilibe mano. Imadya nyerere ndi chiswe basi, imazinyambita ndi lilime lake lalitali lonanda. Ikaopsezedwa siithawira patali, imangodzikulunga ngati nkhata, mutu kubisa m'mimba, mamba kunja. Mkango umaigubuduza mpaka kutopa n'kuisiya. Koma munthu amangowerama n'kuitola ngati dzungu. Kawirikawiri imabereka mwana mmodzi yekha, amene amayenda atakwera patsinde pa mchira wa mayi ake. Ikagwidwa imakana chakudya, imafooka ndi ludzu ndi mantha, ndipo zambiri zimafera m'manja mwa ozigwira wogula asanapezeke. Mamba amene ikuferawo ndi opangidwa ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimapanga zikhadabo zanu ndi tsitsi lanu. Nyanga ya chipembere nayonso n'chimodzimodzi.

Mu 2016, pa msonkhano wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ku Johannesburg, mayiko anagwirizana kuti mitundu yonse 8 ya ngaka isagulitsidwenso kudutsa malire. Koma mu Epulo 2019 akuluakulu a ku Singapore anatsegula kontena yochokera ku Nigeria yopita ku Vietnam, imene pamapepala inalembedwa kuti ndi nyama ya ng'ombe yowumitsidwa m'firiji, n'kupezamo mamba a ngaka olemera matani 12.9. Anawerengera kuti zinali ngaka pafupifupi 17,000. Kontena yotereyi siidzadza tsiku limodzi. Imayamba ndi saka limodzi ngati lomwe munaonalo.

Tsono taganizani zimene zimachitika mukalemba kuti "ndikufuna, ndi zingati?" Kwa wogulitsayo mwatsimikiza mphekesera imene inamutumiza kuthengo, yakuti ogula alipo ndipo ali ndi ndalama. Ena amaika chithunzi chakale kapena chotola kwina, alibe n'komwe ngaka, akungoyesa madzi. Mukaonetsa chidwi, m'mawa mwake amadzuka kukasaka kuti akwaniritse oda yanu. Ngaka imene ikanakhala mu una wake yagwidwa chifukwa cha inu amene mumafuna kuiteteza. Komanso m'mayiko ambiri kufuna kugula nyama yotetezedwa ndi mlandu pakokha, ndipo mauthenga anuwo adzawerengedwa momwe alembedwera. Apolisi ndi ofufuza akamatchera msampha wotere amakhala ndi chilolezo, amadziwa umboni umene khoti lingaulandire, ndipo amapita ali okonzeka. Inu anayi mulibe zonsezi, pomwe munthu amene mukumutcherayo mwina ali ndi anzake kumbuyo amene sasewera.

Zoyalutsazo ndinaziyesapo ine, n'chifukwa chake ndikulankhula motsindika. Zaka zingapo zapitazo ndinaona wina akutsatsa zibangili za minyanga ya njovu. Magazi anandiwira, ndinalemba ndemanga yaukali pansi pake, n'kuitana anzanga kuti adzamudzudzule. Pasanathe ola akauntiyo inali itafufutidwa. Sindinasunge linki, sindinajambule kalikonse, nambala ya foni imene inali pamenepo sindinailembe. Ndinangomuchenjeza kuti asamale, ndipo sindikukayika kuti anatsegula akaunti ina madzulo omwewo. Mpaka lero zimandiwawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku limenelo ine sindinadekhe.

Chochita chanu n'chakachetechete. Musanadine china chilichonse, sungani umboni. Tengani screenshot ya malondawo yoonetsa tsiku ndi nthawi, koperani linki ya positiyo ndi ya akaunti ya munthuyo, lembani dzina la gululo, nambala ya foni ngati ilipo, ndi malo alionse amene atchulidwa. Yang'anitsitsani chithunzicho: nambala ya galimoto kumbuyo, chikwangwani, chilankhulo cholembedwa pa sakalo. Zing'onozing'ono zotere n'zimene ofufuza amazifuna. Kenako tumizani zonsezo ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire kapena kupolisi, ndipo pakakhala bungwe losamalira nyama lokhala ndi nambala yolandirira malipoti, liuzeninso. Mukaopa kudziwika, pali tsamba la WildLeaks, lomwe linatsegulidwa mu 2014 kuti anthu azinena za milandu yotere mosatchula dzina. Kukanena kwa Facebook kukhale komaliza. Ndimalangiza choncho chifukwa kampani ikalandira lipoti imachotsa positiyo, ndipo ikachotsedwa musanasunge kanthu, ngaka yapita pamodzi ndi umboni.

Sindikunyoza makampani a pa intanetiwa ayi. Mu 2018 mabungwe oteteza nyama zakutchire a WWF, TRAFFIC ndi IFAW anakhazikitsa mgwirizano wotchedwa Coalition to End Wildlife Trafficking Online, momwe munalowa makampani ngati Google, Facebook, eBay, Alibaba ndi Tencent. Pofika 2021 ananena kuti achotsa kapena kutsekereza malonda ndi mapositi oposa 11 miliyoni. Mgwirizanowu uli ndi anthu ongodzipereka otchedwa Cyber Spotters, amene amaphunzitsidwa kuzindikira malonda okayikitsa n'kumawanena. Mukapeza mwayi wolowa nawo, lowani. Kungoti kuchotsa positi si kumanga munthu, ndipo si kupulumutsa nyama yamoyo. Ndi kutseka khomo limodzi la nyumba ya makomo ambiri.

Pamene inu achinyamata mumaposa makompyuta ndi pa chilankhulo. Ogulitsa anasiya kalekale kulemba mawu enieni. eBay, tsamba logulitsirapo zinthu pa intaneti, italetsa malonda a minyanga ya njovu mu 2009, ena anayamba kulemba kuti ndi fupa la ng'ombe. Pa masamba a ku China amafupikitsa dzina la mnyanga la m'chilankhulo chawo n'kungolemba XY, ena amautcha pulasitiki yoyera. Ena salemba kanthu, amangoika ka emoji ka njovu ndi nambala. Makina osefa mauthenga amadziwa bwino zilankhulo zikuluzikulu, koma mawu okuluwika a m'zilankhulo zathu, osakanikirana ndi kalankhulidwe ka achinyamata, amawadutsa osawamva. Inu mumawamva. Mukaona mawu achilendo akubwerezabwereza pansi pa zithunzi za zikopa, mano kapena mamba, alembeni penapake muwapereke pamodzi ndi lipoti lanu. Kamndandanda kotere kakhoza kuthandiza kuposa positi ya ukali yolandira ndemanga chikwi.

Pali mbali ina imene sitikonda kuimva, chifukwa ikukhudza ife tomwe amene timati timakonda nyama. Vidiyo ya munthu akusisita mwana wa kambuku pa sofa, kapena chinkhwe chikuyankhula pabalaza, timaiseka, kuidina like, n'kuitumiza kwa anzathu. Mwa anthu masauzande oonerawo mumapezeka ochepa oti "nanenso ndikufuna", ndipo ochepawo ndi amene amadzutsa msika. Zinkhwe zotuwa za ku Africa zinatengedwa m'nkhalango zochuluka chonchi mpaka nazonso zinaikidwa pa chitetezo chapamwamba cha CITES mu 2016 momwemo. Kanyama ka ku Asia kotchedwa slow loris kanatchuka ndi mavidiyo akukagirigisha kakukweza manja, anthu n'kumati kakusangalala, pomwe kukweza manjako ndi njira yake yodzitetezera, ndipo ogulitsa amakadula mano kuti kasalume. Mukaona vidiyo yotere musaigawe, ngakhale mukuigawa pofuna kuidzudzula. Makina a intaneti sasiyanitsa wokwiya ndi wokondwa, amangoona kuti anthu akuikonda n'kuikankhira patsogolo.

Chimodzimodzinso mukapita kumalo osungirako nyama. Foni imatha kusunga malo enieni amene chithunzi chajambulidwa, ndipo chithunzi cha chipembere choikidwa pa intaneti tsiku lomwelo, malo atatchulidwa, chikhoza kulondolera opha. N'chifukwa chake malo ena osungirako nyama amapempha alendo kuzimitsa GPS pojambula. Ku South Africa kokha zipembere 1,215 zinaphedwa mu 2014. Zimitsani GPS, dikirani masiku angapo musanaike chithunzicho pa intaneti, ndipo musatchule dambo kapena dziwe limene munaiona nyamayo.

Mwati muli anayi. Gawanani magulu ogulitsirana zinthu amene muli kale, aliyense aziyang'ana ake kawiri pa sabata, osafunsa, osayankha, osalowa ku inbox. Mmodzi azisunga umboni pamalo amodzi, mmodzi azitumiza malipoti ndi kufunsa kumene afika. Nthawi zambiri simudzamva kuti zinatha bwanji, ndipo zimenezo zimafoola, koma ofufuza sangaulule zonse mlandu uli mkati.

Za ngaka munaionayo, musadikire kuti mukumane kaye ndi anzanu Loweruka. Ngati positiyo ikadalipo, jambulani tsopano lino, imbani foni lero, ndipo muwauze momveka kuti nyamayo inali yamoyo pamene munaiona, ndi tsiku limene munaiona.