Vuto silinali pa 3...Cf6

Owerenga ena a ku Ulóngwe, m'boma la Angónia, anditumizira imelo atagonja pa mpikisano wa tchesi mumzinda wa Tete. Iwo anali ndi zakuda, ndipo masewerowo anayenda motere (C ndi kavalo, B bishopu, D mfumukazi, R mfumu, x kudya, + kuopseza mfumu): 1.e4 e5 2.Cf3 Cc6 3.Bc4 Cf6 4.Cg5 d5 5.exd5 Cxd5 6.Cxf7 Rxf7 7.Df3+ Re8 8.Bxd5. Akufunsa ngati asiyiretu kusewera 3...Cf6.

Achimwene, musasiye. Kutulutsa akavalo onse awiri motere ndi njira yakalekale imene Giulio Cesare Polerio wa ku Italy anaisanthula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ndipo akatswiri akuiseweranso mpaka lero. Munapunthwa pa sitepe yachisanu. Mutadya kamsilikali ka pa d5 ndi kavalo, malo a f7 anatsala akutetezedwa ndi mfumu yokha, choncho mnzanuyo anapereka kavalo dala kuti aikokere pabwalo. Pamenepo kubwerera ku e8 kunali kubweza kavalo kwaulere, popeza 8.Bxd5 inabweranso ndi chiopsezo cha Df7 chimene chikanathetsa masewero. Kulimba mtima ndi 7...Re6 kukanakhala bwino, ngakhale kuti pambuyo pa 8.Cc3 kavalo wa pa d5 amakhala atapanikizidwa ndi zida zitatu, ndipo wotchi ikamayenda, ndi ochepa amene amatuluka m'menemo amoyo.

Choyenera chinali 5...Ca5, kuthamangitsa bishopu amene akuyambitsa mavuto onsewa. Kawirikawiri zimapitirira ndi 6.Bb5+ c6 7.dxc6 bxc6 8.Be2 h6 9.Cf3 e4 10.Ce5. Inde, mumatsalira ndi kamsilikali kamodzi, ndipo ndikudziwa kuti osewera ambiri kuno kwathu zimenezi zimawawawa, koma taonani bolodi: kavalo woyera wangokhalira kuthawathawa, mabishopu anu onse ali ndi njira zotseguka, pamene zida za mnzanu za mbali ya mfumukazi zikadali pamalo pamene zinayambira. Ngakhale katswiri wa ku America Bobby Fischer, ali ndi zoyera posewera ndi Arthur Bisguier mu 1963, anasankha 9.Ch3, maganizo akale a katswiri wina Wilhelm Steinitz, popewa kuti kavaloyo apitirize kukankhidwa.

Ngati mtima wanu sulola kupereka kanthu, sewerani 3...Bc5, chifukwa pamenepo wobwera ndi 4.Cg5 amangotaya kavalo kwa mfumukazi yanu. Koma ine ndikanakonda kuti mpikisano wina usanafike, mukhale pansi ndi mnzanu n'kusewera kangapo kuyambira pa 5...Ca5, mukusinthana zoyera ndi zakuda.